Nkhosa yanu ikulephera kutenga bere? Yang'anani mdima, mthunzi ndi chakudya

Alimi ambiri oweta nkhosa kuno ku Lilongwe, kaya ku Mitundu, ku Mpingu kapena ku Nathenje, akaona kuti yaikazi yakweredwa kawiri katatu koma osatenga bere, mlandu amaukankhira kwa yamphongo. Ena amafika poigulitsa n'kukagula ina. Nthawi zina vuto limakhaladi pamenepo. Koma nthawi zinanso limayambira m'dzira la yaikaziyo, nkhosa isanakweredwe n'komwe. Pa kakulidwe ka dzirali pali homoni ina imene sitiitchula pa misonkhano yathu ya alimi, dzina lake melatonini. Mahomoni ndi michere imene thupi limapanga lokha kuti iziyendetsa ntchito za ziwalo zake.

Melatonini imapangidwa ndi kachiwalo kakang'ono ka mu ubongo kotchedwa pineal gland, ndipo imatuluka yambiri usiku kukakhala mdima. Kukacha imatsika. Anaitulukira ndi Aaron Lerner ndi anzake ku Yale University m'dziko la America mu 1958, ataisefa kuchokera ku tiziwalo ta mu ubongo wa ng'ombe. Anthufe tili nayonso, n'chifukwa chake ena amaidziwa ngati mankhwala a tulo. Kwa nkhosa ntchito yake ndi yoposa tulo. Thupi la nkhosa limawerenga kutalika kwa usiku poona kuti melatonini yatuluka maola angati. Kumayiko ozizira monga Britain ndi New Zealand, usiku ukayamba kutalika, melatonini imauza ubongo kuti utulutse mahomoni ena amene amakadzutsa mabasiketi a mazira (ziwalo zosunga mazira m'thupi la yaikazi), ndipo nkhosa zimayamba kufuna yamphongo. Ana amabadwa patapita miyezi isanu, msipu utaphuka.

Kwathu kuno zinthu n'zosiyana. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator, choncho kusiyana kwa usiku wa mu Juni ndi wa mu Disembala sikufika ndi maola awiri omwe. Nkhosa zathu zachikuda zimaswa nyengo iliyonse, ndipo ngakhale za mtundu wa Dorper, zomwe zinachokera ku South Africa, sizidikira kwenikweni nyengo imodzi. Chimene chimalamula kuno ndi chakudya, kutentha ndi matenda. Ndiye wina afunsa: melatonini ikutikhudza pati?

Ikutikhudza m'kati mwa dzira. Nkhosa yaikazi imabadwa ndi mazira ake onse, ali ogona. Dzira lililonse limakhala m'kathumba kake, ndipo kuchokera pamene kathumbako kayamba kukula kufikira pamene dzira lakhwima n'kutuluka pamatenga pafupifupi miyezi 6. Chakumapeto kathumbaka kamadzaza timadzi, ndipo m'timadzimo akatswiri anapezamo melatonini. Maselo amene amazungulira dzira n'kumalidyetsa alinso ndi malo ake olandirira homoni imeneyi. Pamene dzira likukula mwachangu, mumapangika tizinthu towononga timene timadya maselo monga mmene dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula. Melatonini imagwira tizinthu timeneti tisanaononge dzira. Pa kafukufuku wokhwimitsira mazira a nkhosa mu labotale, zaoneka kuti akaikamo melatonini pa mlingo woyenera, mazira ambiri amakhwima bwino ndipo akakumana ndi umuna amapitirira kukula. Dzira lowonongeka likhoza kukumana ndi umuna bwinobwino, koma mluza umafa masiku oyambirira. Inu mumangoona yaikazi yanu ikubwereranso kwa yamphongo patatha masiku 17 kapena kuposerapo, n'kumaganiza kuti sinakweredwe.

Sindikukutumani kusitolo ayi. Ku Australia ndi ku Ulaya kuli timibulu ta melatonini, monga Regulin ndi Melovine, ta mamiligalamu 18, timene amabaya pansi pa khungu kutsinde kwa khutu kuti nkhosa ziyambe kufuna yamphongo nyengo yake isanakwane. Timibulu timeneti anapangira nkhosa zodikira nyengo, osati zathuzi. Ndipo chonde, mapiritsi a melatonini a anthu musapatse nkhosa. Mudzangotaya ndalama. Nkhosa yanu imapanga yokha melatonini usiku uliwonse, ulere. Ntchito yanu ndi yakuti musaisokoneze, komanso muchepetse zimene zimaononga dzira.

Tiyambe ndi magetsi. Chifukwa cha akuba, makola ena masiku ano ali ndi babu la sola lopachikidwa pa mtanda wa denga, loyaka kuyambira madzulo mpaka mbandakucha. Ukasuzumira pakati pa usiku umapeza nkhosa zagona pansi pa kuwala kwa mbee, maso ali tong'o, zikubzikula. Ndikumvetsa, kuberedwa nkhosa kumapweteka. Koma kuwala kwa usiku kumachepetsa melatonini m'thupi la nkhosa. Babulo lichotseni m'kati, mulipachike kunja kwa khola, liyang'ane kunjira kumene wakuba angadzere. Mbali yoyang'ana kukhola muitchinge ndi kachidutswa ka lata kapena katoni yolimba. Wakuba mudzamuona, nkhosa zidzagona mumdima. Izi sizilira ndalama ina iliyonse, ndipo mutha kuzichita lero lomwe.

Nkhani yaikulu kwambiri kwa ife ndi kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala. Nkhosa ikatenthedwa, tizinthu towononga tija timachuluka m'thupi, ndipo dzira limene latsala pang'ono kutuluka ndi limene limavulala msanga, pamodzi ndi mluza wa masiku oyamba. Yendani masana m'madambo a kuno nyengo imeneyi: mupeza nkhosa yamangidwa pachikhomo pamtetete, chingwe chazungulira mpaka chafupika, mutu yaweramitsa, ikupuma wefuwefu, mthunzi wa mtengo uli potero koma singaufikire. Nkhosa yotereyi ndiye mawa tikuiyembekezera kuti itenge bere. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa mwini wake amaikonda, kungoti palibe anamuuza. Dyetsani m'mamawa ndi chakumadzulo. Dzuwa likafika paliwombo nkhosa zikhale pansi pa mtengo wa mango kapena pachisakasa chofolera ndi udzu, madzi oyera ali pomwepo. Khola la malata lotsika denga limasanduka ng'anjo masana. Likwezeni, musiye mipata yoti mphepo izidutsa, kapena yalani udzu pamwamba pa malatawo. Yamphongonso imafuna mthunzi womwewo, pakuti kutentha kumaononga umuna ndipo zimatenga masabata angapo kuti ibwerere mwakale.

Tsopano ganizirani za miyezi 6 ija. Dzira limene lidzatuluke mu Disembala linayamba ulendo wake cha mu Juni, ndipo ladutsa chilimwe chonse pamene msipu unali wouma kapena wotenthedwa ndi moto wa osaka mbewa. Choncho chakudya cha m'chilimwe si chongosungira moyo wa nkhosa, chikumanganso ana a chaka chamawa. Kuno ku Lilongwe tili ndi mwayi wa mtedza ndi soya. Mukakolola, masangwi a mtedza musawasiye m'munda kuti adyedwe ndi chiswe. Aumitseni pamthunzi, muwasanje pathandala pouma. Masamba a lukina, gilisidiya ndi nandolo muzisakaniza ndi udzu kapena mapesi, osati kupereka okhaokha. Kukatsala masabata awiri kapena atatu kuti mukweretse, onjezerani madeya pang'ono tsiku lililonse pamodzi ndi mchere wonyambita, ndipo mupitirize kwa masabata angapo zitakweredwa. Yaikazi imene thupi lake likukwera pa nthawi yokweretsa imatulutsa mazira ambiri, ndipo mapasa amachokera pamenepo. Igwireni pamsana: ngati mafupa akukubayani m'manja, sinakonzeke. Ngati simukuwamva n'komwe, yanenepetsa, nayonso imavuta kutenga bere. Nyongolotsi musaziiwale. Funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu za mankhwala oyenera, mumwetse musanakweretse.

Yamphongo musamaisiye ndi zazikazi chaka chonse. Ipatuleni kwa mwezi wathunthu, kutali kumene zazikazi sizingamve fungo lake, kenako muibweretse. Zambiri zimayamba kuifuna pa nthawi yofanana, ndipo inu mumadziwa mwezi wakuswa. Isiyeni pamodzi nazo masabata 5 kapena 6 kuti iliyonse ipeze mwayi kawiri. Bere la nkhosa limatenga masiku pafupifupi 150, ndiye werengani chakutsogolo. Maganizo anga ndi akuti mupewe kukweretsa pakati pa kutentha kwa Okutobala, ngati mungathe. Mukakweretsa kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, msipu utamera ndipo nkhosa zitabwerera thupi, ana adzabadwa mu Meyi kapena Juni, mvula itatha, nyongolotsi zitachepa, zotsalira za m'munda zili mbwee. Mudzangofunika kuwatchinjiriza ku mphepo yozizira ya usiku.

Pomaliza, khalani ndi kope. Lembani tsiku limene yaikazi iliyonse yakweredwa, ndipo pa tsiku la 16 mpaka 18 muiyang'anitsitse. Ikabwerera kwa yamphongo kachitatu pamene mdima, mthunzi ndi chakudya zonse mwakonza, itanani mlangizi adzaione pamodzi ndi yamphongoyo, kopelo lili m'manja.