Kompyuta Ikamangolira Osayaka

Kompyuta ya patebulo ikamalira mobwerezabwereza pomwe sikirini ili bii, musafulumire kuganiza kuti yapsa, pakuti kulirako ndi njira imene BIOS (pulogalamu ya mkati imene imafufuza ngati zipangizo za kompyuta zili bwino ikamayaka) imanenera chimene chavuta. Werengani kuti yalira kangati, chifukwa tanthauzo lake limasiyana pakati pa Dell, HP ndi makompyuta ena.

Kawirikawiri vuto limakhala RAM (kathabwa ka mkati mwa bokosi kamene kompyuta imasungapo zinthu kwakanthawi ikamagwira ntchito), makamaka kuno ku Mzuzu komwe chinyontho chimagwirana ndi fumbi n'kudetsa timizere tagolide ta m'munsi mwake. Zulani chingwe cha magetsi, khudzani chitsulo cha bokosi kaye kuti muchotse magetsi a m'thupi mwanu, kenaka tulutsani RAM, muipukute mosamala ndi labala ya pensulo, ndipo muikankhire m'malo mwake mpaka timaloko ta m'mbali titseke tokha. Zikakhala ziwiri, yesani imodziimodzi. Vuto lina lingakhale kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo ka mkati mwa bokosi, kotchedwa CR2032, pakuti nakonso kamatha, ngakhale ambiri amakaiwala.