Momwe mungathetsere vuto la zenera lokana kudzijambulanso mu pulogalamu yanu

Mwalemba kapulogalamu kanu kojambulira, mwakoka mzere ndi mausi, mzere waoneka bwinobwino. Mwatsitsa zenera pansi n'kulibweza, mzere uja wapita. Kapena mukamalikoka m'mphepete kuti likule, likuphethiraphethira ngati babu lotsala pang'ono kupsa. Kapenanso pulogalamu ikuyenda bwino m'mawa, koma pofika masana mamenyu asanduka mabokosi akuda, zilembo zathawa. Zitatuzi zimaoneka ngati matenda amodzi, koma magwero ake ndi osiyana, ndipo lachitatulo ndi lomwe linandidyera sabata yathunthu.

Ndikamba za Windows ndi Win32, yomwe ndi njira yolembera mapulogalamu olankhula ndi Windows mwachindunji, chifukwa ndi komwe ndinakumana nazo. Za mmene mungatsegulire pulojekiti kapena kulembetsa window class sindikambako, ngati mwafika podandaula za kujambula ndiye kuti zimenezo munadutsa kale.

Yambani mwadziwa ngati wolakwa ndi inu kapena makina

Musanakhudze khodi, tengani pulogalamuyo muiyendetse pa kompyuta ina. Ikachitanso chimodzimodzi, vuto ndi lanu. Ngati pa makina anu mapulogalamu enanso akung'ambika zithunzi, dinani Win, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi. Sikirini ithima kamphindi, mumva kabelu, ndiye kuti Windows yadzutsanso driver wa zithunzi. Zikakhala bwino pamenepo, pitani pa tsamba la amene anapanga chipangizocho, kaya ndi Intel, AMD kapena NVIDIA, mukatenge driver watsopano. Ndi waulere.

Ndikunena dala kuti ndi waulere chifukwa pa intaneti padzaza timapulogalamu tonena kuti tikonza madriver onse. Timayamba n'kukuonetsani mndandanda wofiira woopseza, kenako n'kukupemphani nambala ya khadi la kubanki. Ine ndinalipirapo kamodzi ndili pa mavuto, ndipo chomwe ndinapindula ndi zotsatsa malonda zotulukira pakona ya sikirini. Musaponyeko ndalama.

Jambulani pamalo amodzi basi

Anthu ambiri amaganiza kuti zenera lili ngati pepala, ukalembapo zakhazikika. Ayi ndithu. Lili ngati bolodi la m'kalasi lomwe wina ali ndi ufulu wolipukuta nthawi iliyonse, kenako n'kukuuzani kuti lembaninso. Kukuuzaniko ndiye uthenga wa WM_PAINT. Ngati mumajambula mzere mkati mwa WM_MOUSEMOVE (uthenga womwe umabwera mausi akayenda) pogwiritsa ntchito GetDC (yomwe imakupatsani DC, kutanthauza malo ojambulirapo), mzerewo uoneka, koma palibe paliponse pomwe wasungidwa. Uthenga wa WM_PAINT ukabwera, mulibe choti mubwezere.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Mausi akamayenda, sungani timadontho take mu mndandanda, kenako itanani InvalidateRect, yomwe imauza Windows kuti itumize WM_PAINT. Kujambula konse kuchitike mu WM_PAINT, kuchokera pa zomwe mwasungazo. Ngati mumalembera pa zida zina monga WinForms, lamulo ndi lomweli, siyani CreateGraphics, jambulani mu OnPaint n'kumaitana Invalidate. Ku Qt ndi paintEvent ndi update, ku Java Swing ndi paintComponent ndi repaint. Maina okha ndi omwe asintha.

Poyesa samalani. Kale unkangophimba zenera ndi lina n'kulichotsa, vuto n'kuonekera pompo. Kuyambira pa Windows Vista kunabwera Desktop Window Manager, yomwe imasungira zenera lililonse chithunzi chake pambali, ndipo kuyambira pa Windows 8 sizimitsidwanso. Choncho kuphimba sikutulutsanso vutoli, mutha kudzinamiza kuti zonse zili bwino. Litsitseni pansi n'kulibweza, kapena likokeni kuti lisinthe kukula.

Mukafika mu WM_PAINT, yambani ndi BeginPaint, malizani ndi EndPaint. Mukaika GetDC m'malo mwake, Windows imaona ngati simunajambule, ndiye imangotumiza uthengawo mobwerezabwereza osapuma. Chizindikiro chake n'chakuti fani ya kompyuta imayamba kulira pomwe inu simukuchita kanthu, ndipo mu Task Manager kapulogalamu kanu kadya core yathunthu.

Kuphethira

Kumabwera chifukwa kujambula kumachitika kawiri. Windows imayamba yatumiza WM_ERASEBKGND, zenera lonse n'kupakidwa mtundu wa kumbuyo, kenako inu n'kujambula zanu pamwamba. Pa sikirini ya 60 Hz chithunzi chimasintha pakatha mamilisekondi pafupifupi 16.7 alionse, ndiye diso limagwira kamphindi kaja kamene zenera lili loyera mbee.

Gwirani WM_ERASEBKGND n'kubweza 1, ndipo poitana InvalidateRect ikani FALSE kumapeto. Kenako musajambulenso mwachindunji pa sikirini. Pangani DC ya mu memori ndi CreateCompatibleDC, ipatseni bitmap (chithunzi chosungidwa mu memori), jambulani zonse mmenemo kuyambira mtundu wa kumbuyo, mukatha zikopereni kamodzi ndi BitBlt. Pali kamsampha kamodzi apa: CreateCompatibleBitmap muipatse DC ya zenera, osati ya mu memori ija. Mukaipatsa ya mu memori mupeza bitmap ya mitundu iwiri yokha, wakuda ndi woyera, n'kumadabwa kuti zofiira zanu zalowera kuti. A WinForms muli ndi mwayi, ingoikani DoubleBuffered kukhala true. Swing ndi Qt zimachita zimenezi pazokha.

Pomwe ndinagwera ine

Kapulogalamu kanga kanali koonetsa girafu yomwe inkasintha sekondi iliyonse. Zonse ndanenazi ndinachita, kuphethira kunatha, ndinakapereka kwa okagwiritsa ntchito. Patapita masiku awiri uthenga unabwera woti zenera likuda. Ndinakatsegula kwanga, kali bwinobwino. Ndinakasiya mphindi khumi, kali bwino. Ndinayankha mwaulemu kuti mwina kompyuta yawo ndi yomwe yatopa.

Tsiku lina ndinakasiya koyaka n'kuchokapo. Pobwera ndinapeza zoopsa. Girafu inali itaima, mitundu ya kumbuyo kulibe, zilembo za pa mabatani zasanduka zonenepa zachikale zija. Nditadina menyu panangotuluka bokosi lakuda. Nditakoka zenera, m'malo mojambula zatsopano linangopakapaka zidutswa za zakale. Kutseka n'kutsegulanso, zonse myaa ngati palibe chachitika.

Apa ndi pomwe ndinasochera. Poti vuto linkabwera pakapita nthawi, ndinaganiza za kutentha. Ndinatsegula kompyuta n'kupukuta fumbi. Ndinasintha driver kawiri. Mpaka ndinagula khadi la zithunzi logwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu wina wa pa intaneti yemwe analumbira kuti langogwira miyezi yochepa. Litafika, fani yake imodzi inali yosazungulira, ndipo nambala ya foni ya mwini wake inali itasiya kupezeka. Ndinaliikabe. Vuto linabwera pa nthawi yake ngati kale.

Mawu oti pa nthawi yake ndi omwe anandidzutsa. Ndinayamba kulemba nthawi yomwe ndatsegula ndi nthawi yomwe kafa. Ndikakasiya osakakhudza, kankafa patatha maola awiri ndi mphindi makumi anayi n'kanthu, ulendo uliwonse. Ndikamaseweretsa zenera, kankafa msanga. Kutentha sikusunga nthawi chonchi, pali chinthu chomwe chikuwerengedwa.

Chinthucho ndi GDI objects. Burashi, cholembera, font, bitmap, DC, chilichonse chomwe mwapanga ndi mawu oyamba ndi Create, Windows imachiwerenga, ndipo pulogalamu imodzi imaloledwa 10,000 basi ngati simunasinthe kanthu. Mukafika pamenepo, chilichonse chatsopano chomwe mwapempha chimakanidwa mwakachetechete. Palibe uthenga, palibe kugwa, kungoti menyu yasowa burashi yodzipentera. Masekondi 10,000 ndi maola awiri, mphindi 46 ndi masekondi 40. Nditawerenga pa pepala ndinangogwira pakamwa.

Kuti muone nokha, tsegulani Task Manager, pitani pa Details, dinani kumanja pa mitu ya mizati, sankhani Select columns, chongani GDI objects. Tsopano yang'anani nambala ya pulogalamu yanu uku mukukoka zenera uku ndi uku. Ya pulogalamu yabwino imakwera pang'ono n'kuima, kapena kukwera n'kutsika. Yanga inkangokwera, imodzi pa sekondi, ngati wotchi. Palinso kachida kaulere ka NirSoft kotchedwa GDIView, komwe kamagawa nambalayo n'kukuuzani kuti maburashi ndi angati, mafont angati, mabitmap angati. Kwa ine mzati wa maburashi ndi womwe unkathamanga.

Mzere wolakwawo unali umodzi, wooneka waukhondo. Popenta kumbuyo ndinaitana FillRect, ndipo mkati mwake momwemo ndinaika CreateSolidBrush kuti khodi ifupike. Burashiyo sinasungidwe pena paliponse, ndiye panalibenso njira yoifufutira. WM_PAINT iliyonse inkabala burashi imodzi yamasiye. Chowawa n'chakuti mzerewu ndinauika pothetsa kuphethira kuja, ndiye kuti pochiza matenda ena ndinadzibweretsera ena.

Lamulo lomwe ndimatsatira tsopano ndi ili. Chilichonse chopangidwa ndi Create chikhale ndi dzina, ndipo DeleteObject yake ndimailemba nthawi yomweyo ndisanalembe zapakati. SelectObject imabweza chinthu chakale chomwe chinali mu DC, chisungeni, ndipo muchibwezere musanafufute chanucho. Izi n'zofunika kwambiri pa bitmap ija ya mu memori, chifukwa ikadali mu DC siifufutika, ndipo bitmap ya 1920 kwa 1080 imadya mamegabaiti pafupifupi 8. Imeneyo sidikira n'komwe 10,000, memori imayamba yatha. GetDC imayenda ndi ReleaseDC, CreateCompatibleDC imayenda ndi DeleteDC, musazisinthanitse. Ndipo maburashi ndi mafont osasintha apangeni kamodzi mu WM_CREATE, muwafufute mu WM_DESTROY.

Mudzapeza ena akulangiza kuti mukweze malire a 10,000 aja mu registry, momwe Windows imasungiramo makonzedwe ake, pa GDIProcessHandleQuota. N'zoona amakwera mpaka 65,536. Koma kwa ine zikanangosuntha imfa kuchoka pa maola pafupifupi atatu kufika pa maola 18, ndipo simungayende pa kompyuta ya munthu aliyense kukasintha registry yake.

Zotsala

Zenera likamakula n'kusiya zidutswa za chithunzi chakale, ndiye kuti Windows ikukupemphani kujambula kachigawo katsopano kokha. Ikani CS_HREDRAW ndi CS_VREDRAW pa window class, kapena itanani InvalidateRect mu WM_SIZE. Ku WinForms ndi ResizeRedraw. Musaiwale kupanganso bitmap ya mu memori kuti ilingane ndi kukula kwatsopano.

Likachita mbuu n'kulemba Not Responding, vuto si kujambula. Mwaika ntchito yolemera pa thread (kanjira kamodzi komwe pulogalamu imagwiriramo ntchito) yomwe imalandira mauthenga, ndipo pakatha masekondi 5 osayankha Windows imaika chithunzi chambuu chija m'malo mwa zenera lanu. Ntchitoyo ipite ku thread ina, ikatha itumize PostMessage. Thread inayo isakhudze zenera.

Zithunzi zosaoneka bwino kapena zodukira m'mphepete pa sikirini yachiwiri kawirikawiri ndi nkhani ya DPI, muyeso womwe Windows imakulitsira zinthu pa sikirini. Yesani pa 100%, kenako pa 150%, ndipo gwirani WM_DPICHANGED. Ngati mukufuna kuona mauthenga omwe zenera likulandira, Spy++ imabwera ndi Visual Studio, ndipo Visual Studio Community ndi yaulere kwa munthu payekha.

Mukamaliza zonse, tsegulani mzati uja wa GDI objects, lembani nambala pa kapepala, gwirani ngodya ya zenera n'kulikoka uku ndi uku kwa mphindi imodzi yathunthu, kenako yang'ananinso nambalayo.