Momwe mungabenere CD kapena DVD kunyumba osagula pulogalamu

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene ali m'misewu ya Lusaka ali ndi wailesi ya CD, ndipo makwaya akadagulitsabe nyimbo zawo pa ma CD pakhomo la tchalitchi. Ntchito yobena, kutanthauza kulemba nyimbo kapena mafayilo pa disiki, mungaichite nokha kunyumba. Musavutike ndi pulogalamu yobenera ya Nero yobedwa imene mnzanu wakupatsani pa flash, chifukwa mapulogalamu otere nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi. Aulere alipo ndipo amakwanira.

Yambani ndi disiki. CD-R imatenga 700 MB kapena nyimbo za mphindi 80, DVD-R imatenga 4.7 GB. Yolembedwa R simungafufute, ya RW mumafufuta n'kubenanso. Zonsezi zimapezeka m'mashopu a makompyuta m'tauni ndi ku Kamwala. Malaputopu atsopano ambiri alibe polowetsa disiki, ndiye mufunika DVD writer yolumikiza pa USB.

Kenako pulogalamu. Pa Windows ine ndimakonda BurnAware Free chifukwa zonse zimaoneka pa tsamba loyamba. Itengeni pa webusaiti ya eni ake, ndipo poiika muziwerenga musanadine Next. Ikakufunsani kuika zina zimene simunapemphe, kanani. ImgBurn ndi yabwino pa mafayilo a ISO (kope la disiki yonse m'fayilo imodzi), ngakhale inasiya kukonzedwa mu 2013. A Linux ali ndi Brasero ndi K3b.

Apa ndi pamene ambiri amaononga ma disiki, choncho tchereni khutu. Musanadine chilichonse, dziwani kumene disikiyo ikaseweredwe. Ngati ndi m'galimoto yakale kapena pa wailesi ya agogo, sankhani Audio CD. Pulogalamu imasintha ma MP3 anu kukhala mtundu umene wailesi iliyonse ya CD imawerenga, koma malire ndi mphindi 80 zija, kaya mafayilo ndi aang'ono bwanji. Mukasankha MP3 Disc mumalowetsa nyimbo zoposa 100, koma imalira pa wailesi yolembedwa MP3 yokha. Zithunzi za ukwati, masatifiketi ndi mapepala a sukulu zimapita pa Data Disc. Vidiyo ya kitchen party ndi nkhani ina: ma DVD player ena akale sawerenga MP4, ndiye idutseni kaye mu DVDStyler, pulogalamu yaulerenso yosintha vidiyo kukhala ya DVD, musankhe PAL, mtundu wa vidiyo umene timagwiritsa ntchito kuno ku Zambia.

Mukasankha, lowetsani disiki yopanda kanthu, dinani Add, ikani mafayilo. Nyimbo zisanjeni panopa mmene mukufuna zizitsatirana, chifukwa pambuyo pake sizisuntha.

Liwiro musaliike pamwamba. Pa CD ya nyimbo 16x ndi yabwino, pa DVD 4x kapena 8x. Mudikira pang'ono, koma wailesi zakale sizidumphadumpha nyimbo. Chongani Finalize kuti disiki itsekedwe, apo ayi makina ena aikana, ndi Verify kuti pulogalamu iyerekeze zimene yabena ndi mafayilo anu.

Musanadine Burn, ganizirani magetsi. Akazima pakati pa ntchito, CD-R yatha basi. Laputopu ikhale yodzaza, ndipo wa desktop abene magetsi akangobwera kumene. Tsekani mapulogalamu ena, tebulo lisagwedezeke.

Disiki ikatuluka, iyeseni pa makina amene mwaibenera, osati pa kompyuta pokha. Lembani dzina ndi maka yofewa, osati bolopeni, chifukwa pa CD nyimbo zimakhala pafupi kwambiri ndi mbali yolembapo. Ndipo musaisiye pa dashboard padzuwa la October, imapindika.