Usipa kapena kapenta? Momwe mungaifunsire DNA ya nsomba

Mkangano unayambira pa nsima, tsiku Lamlungu ku Rosettenville. Alamu anga anagula kathumba ka tinsomba touma ku Yeoville, wogulitsa atawalumbirira kuti ndi usipa weniweni wa ku Mangochi, wangotsika kumene pa basi. Akulu anga atalawa kamodzi anati, "Abambo, akudyerani ndalama. Uyu ndi kapenta." Alamu sanagonje. Anatembenukira kwa ine: "Alamu, inu si mumagwira ntchito ya DNA? Tiweruzeni."

Ndimagwiradi ntchito mu labu ina kuno ku Johannesburg, ndipo njira yomwe ndinagwiritsa ntchito imatchedwa DNA barcoding. Anaiyambitsa ndi Paul Hebert wa ku University of Guelph ku Canada mu 2003. Ganizo lake ndi loti pa nyama timawerenga kachidutswa kamodzi ka jini (chigawo cha DNA) yotchedwa COI, ka zilembo za DNA pafupifupi 650, kenako n'kukayerekezera ndi zomwe ena anawerenga kale. Ndikufotokozerani momwe ndinachitira, makamaka inu ophunzira amene mwangoyamba kumene ntchito za mu labu.

Poyamba pemphani chilolezo kwa mkulu wa labu. Mankhwala a PCR ndi odula, ndipo wina amawawerengera.

Dulani kanyama kakang'ono ngati njere ya mpunga, kuchokera mkati mwa nsomba osati pakhungu, chifukwa khungu lagwidwa ndi manja ambiri kuyambira kunyanja mpaka kumsika. Ngati simugwira ntchito tsiku lomwelo, kasungeni mu ethanol wa 96%. Kutulutsa DNA sindichedwapo: tsatirani pepala lomwe limabwera ndi kit yanu. Chokhacho, nsomba youma ndi yolimba, choncho isiyeni mu proteinase K, mankhwala osungunula nyama, pa 56°C usiku wonse m'malo mwa maola awiri.

Kenako PCR, yomwe ndi njira yochulukitsira kachidutswa kamodzi ka DNA kufikira mamiliyoni. Kary Mullis analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1993. Pa nsomba ndimagwiritsa ntchito ma primer, tizidutswa tatifupi ta DNA tosonyeza poyambira ndi pothera kukopera, otchedwa FishF1 ndi FishR1. Makina amazungulira ka 35: masekondi 30 pa 94°C kuti DNA ing'ambike pawiri, masekondi 30 pa 54°C kuti ma primer agwire, ndi mphindi imodzi pa 72°C kuti chidutswa chatsopano chimangidwe. Musanayatse makina, onani ndondomeko ya kuzima kwa magetsi m'dera lanu. Ndataya kale ntchito ya tsiku lonse chifukwa cha zimenezi. Ndipo musaiwale kachubu kamodzi kothira zonse kupatula DNA, madzi okha m'malo mwake. Kachubu kameneka kakaonetsa mzere pa gel, chinthu chonga jeli chomwe timaonerapo DNA yomwe yachuluka, ndiye kuti china chake chalowerera, ndipo zonse zija muyambirenso.

Ine zinandichitikira ulendo woyamba. Ndinadula nsomba ndikucheza, magolovesi ndavala koma ndikukanda nawo kumaso. Zotsatira zitabwera, kompyuta inandiuza kuti alamu anagula Homo sapiens. Ndinali nditadziwerenga ndekha.

Gel ikaonetsa mzere umodzi wooneka bwino wa zilembo zapakati pa 600 ndi 700, tumizani kuti akauwerenge ndi njira ya Sanger, yomwe yakhalapo kuyambira mu 1977. Ma labu ambiri a ku Gauteng amatumiza ku kampani monga Inqaba Biotec ku Pretoria. Pemphani kuti awerenge mbali zonse ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo. Ndalama zimakwera, koma mbali ina imakonza zolakwika za inzake.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amathamanga, ndiye tiyeni tiyende pang'onopang'ono. Adzakutumizirani fayilo yothera ndi .ab1, mwinanso ina ya zilembo zokhazokha, A, C, G ndi T. Chiyeso n'choti mungokopera zilembozo n'kuziponya pa intaneti. Ayi. Tsegulani kaye fayilo ya .ab1 ndi pulogalamu yaulere monga Chromas, UGENE kapena SnapGene Viewer. Mudzaona timapiri ta mitundu inayi: tobiriwira ndi A, tabuluu ndi C, takuda ndi G, tofiira ndi T. Zilembo zija ndi zomwe makina aganiza poona timapirito, ndipo makina amalakwitsa. Kawirikawiri zilembo 30 kapena 40 zoyambirira zimakhala chipwirikiti, timapiri tokwerana ngati anthu olimbirana takisi ku Bree madzulo. Dulani zimenezo, mudulenso kumapeto pomwe timapiri tayamba kufupika ndi kufalikira. Chomwe mukufuna ndi chapakati, pomwe kaphiri kalikonse kaima pakokha, kosongoka, kotalikirana mofanana ndi kanzake.

Mukaona timapiri tiwiri pamalo amodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, mu chubu chanu munali DNA ya zamoyo ziwiri. Musavutike kusankha kaphiri kakatali. Bwererani ku nsomba. Pulogalamuyi imaonetsanso nambala ya Phred pa chilembo chilichonse: 20 ikutanthauza kuti mwa zilembo 100 zotere chimodzi chingakhale cholakwika, 30 ndi chimodzi mwa 1,000. Ine chilichonse chochepera 20 ndimachiyang'ana ndi maso anga, n'kuchiyerekeza ndi mbali inayo.

Pali kanthu kenanso komwe anthu amakadumpha. Jini ya COI imakhala mu mitochondria, tizigawo ta selo topanga mphamvu, ndipo imapanga puloteni, choncho zilembo zake ziyenera kuwerengeka zitatuzitatu popanda chizindikiro choimitsa chapakati. Ikani zilembo zanu pa tsamba la pa intaneti la Expasy Translate, musankhe vertebrate mitochondrial. Ngati mwa njira zisanu ndi imodzi zowerengera zomwe tsambalo likuonetseni palibe ngakhale imodzi yoyenda bwino mpaka kumapeto, mwina mwataya chilembo penapake, kapena mwagwira chithunzithunzi chakale cha jiniyo chomwe chinasochera n'kukakhala mu nucleus, momwe mumakhala DNA yaikulu ya selo.

Zikatero sungani ngati FASTA: mzere woyamba uyambe ndi chizindikiro cha > ndi dzina lomwe mwapereka, zilembo zitsatire pansi. Pitani pa tsamba la BLAST la NCBI, musankhe Nucleotide BLAST, muike zilembo zanu. Pulogalamuyi inatuluka mu 1990 ndipo ndi yaulere. Ngakhale pa foni imatheka. Imafufuza mu GenBank, nkhokwe yaikulu ya DNA yomwe ena anawerenga kale, n'kukubweretserani mndandanda wa zofanana nazo.

Musangowerenga mzere woyamba. Yambani ndi Query Cover, yomwe ikunena kuti ndi gawo lalikulu bwanji la zilembo zanu lomwe layerekezedwa. Kufanana kwa 100% pa kachigawo kochepa sikuthandiza. Kenako onani Per. Ident, yomwe ikunena kuti ndi zilembo zingati pa 100 zomwe zafanana. Ambiri timatenga 98% kupita mmwamba ngati chizindikiro choti ndi mtundu womwewo, koma ndi chizolowezi chabe, osati lamulo. Tsikani pa mndandanda mpaka pomwe dzina lasintha, muone kuti mtundu wachiwiriwo watsalira patali bwanji. Mpata ukakhala waukulu, yankho lanu ndi lolimba. Kumbukiraninso kuti BLAST imangokupatsani chapafupi mwa zomwe ilinazo. Nsomba yanu ikakhala yoti palibe anaiikamo, idzakupatsani msuweni wake popanda kukuchenjezani. Komanso mu GenBank amaikamo ofufuza osiyanasiyana, ena ndi mayina olakwika. N'chifukwa chake ndimayerekezanso mu BOLD, nkhokwe ya ku Guelph, momwe zambiri zimakhala ndi chithunzi cha nsomba ndi malo omwe inagwidwa.

Mlandu wathu unali wosavuta. Usipa ndi Engraulicypris sardella, wa gulu limodzi ndi matemba ndi mpasa. Kapenta wa ku Kariba ndi Limnothrissa miodon, wa banja la sadini, yemwe anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960. Chibale chawo n'chakutali kwambiri moti COI singawasokoneze. Ulendo wachiwiri, nditavala magolovesi atsopano ndi kutseka pakamwa, mizere yonse yapamwamba inati Limnothrissa miodon. Akulu anga anangoseka n'kunena kuti lilime lawo silifuna magetsi. Koma nditafunsidwa ngati anachokera ku Kariba, ku Cahora Bassa kapena ku Tanganyika komweko, ndinakana kuyankha. Jini imodzi imeneyi imanena mtundu, osati doko.

Sabata yotsatira alamu anabwera ndi mchira wa nsomba yomwe anawagulitsa ngati chambo. Apa ndinawauza kuti asayembekezere zambiri. Njirayi ingathe kutiuza kuti ndi ya gulu la Oreochromis, lomwe ndi gulu la chambo, mwinanso kuti ikuyandikira Oreochromis niloticus yoweta m'madamu. Koma nsomba za gululi zimaswana mitundu yosiyana, ndipo mitochondria imachokera kwa mayi yekha, choncho ya makolo osakanikirana imaoneka ngati mayi ake basi. Mbuna ndi utaka za m'nyanja yathu ndiye zovutitsitsa: mitundu mazanamazana inapatukana posachedwa kwambiri moti COI yawo imangofanana. Pa zoterozo pamafunika kuwerenga genome, kutanthauza DNA yonse ya nsombayo, ndi makina a Illumina kapena a Oxford Nanopore, n'kuyerekeza malo ambirimbiri nthawi imodzi. Mchirawo ndinauika mu ethanol, ndinalemba tsiku pa chubu, uli mu fuliza ya pa -20°C kudikira kuti abwana avomere.