Momwe dalaivala wa thiraki angasamutsire agalu ndi amphaka osowa mwini ku America

M'zigawo za kummwera kwa United States, monga Texas, Louisiana ndi Mississippi, malo osungirako agalu ndi amphaka osowa mwini amadzaza kawirikawiri, pomwe kumpoto kuli mabanja ambiri ofuna kulera ziweto zotere. Chimene chimavuta ndi mtunda, popeza kuchokera mumzinda wa Houston ku Texas kukafika mumzinda wa Boston kumpoto ndi makilomita pafupifupi 3,000. Mu 2005, mphepo yamkuntho ya Katrina itasiya ziweto zambiri zopanda eni, mayi Sue Wiese, amene ankayendetsa thiraki, anayambitsa gulu la Operation Roger, momwe madalaivala amanyamula ziweto pa maulendo awo a ntchito osalandira malipiro. Ngati mukuyendetsa thiraki m'dzikolo ndipo mukufuna kuthandiza, chifundo chokha sichikwanira, chifukwa chiweto chikhoza kudwala kapena kusowa panjira ngati simunakonzekere.

Yambani ndi chilolezo cha kampani yanu. Makampani ena amalola chiweto kutsogolo kwa thiraki, ena salola konse, ndipo mafakitale ena, makamaka a zakudya, amakana thiraki yokhala ndi nyama kulowa pachipata. Mukavomerezedwa, lembetsani ku gulu lodziwika ndi kuwauza misewu imene mumadutsamo nthawi zambiri, kuti wokonza maulendo akupezereni chiweto cholowera komwe mukulowera kale.

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo pano musagonjere aliyense. Galu kapena mphaka wodutsa malire a chigawo kawirikawiri amafunika chiphaso cha zaumoyo chotchedwa Certificate of Veterinary Inspection, chosainidwa ndi dokotala wa ziweto wovomerezeka, chomwe m'zigawo zambiri chimagwira ntchito kwa masiku 30 okha. Onetsetsani kuti pali umboni wa katemera wa chiwewe ngati chiwetocho chakwana msinkhu wolandira katemerayu, komanso wa matenda a parvo ndi distemper. Galu wochokera kummwera akhale atayezedwanso nyongolotsi za mumtima, zimene zimafalitsidwa ndi udzudzu ndipo n'zofala kwambiri kumeneko. Mwana wagalu wosakwana masabata 8 musamunyamule. Zimapweteka kukana galu amene wafika kale pamaso panu, koma galu mmodzi wodwala akhoza kupatsira ena ambiri kumene akupita.

Kenako konzani malo. Chiweto chimakhala nanu kutsogolo, osati m'ngolo ya katundu. Khola lake likhale lalikulu moti chingaime, kutembenuka ndi kugona momasuka, ndipo limangidwe zolimba kuti lisaseseleke mukaponda buleki mwadzidzidzi. Tengani madzi, mbale, nsalu zoyala ndi chakudya chimene chiwetocho chinazolowera, poti chakudya chachilendo chimatsegula m'mimba.

Pa tsiku lolandira, kumanani pamalo oimapo mathiraki, kutali ndi phokoso la mapampu a dizilo. Yerekezani nambala ya microchip, kachipangizo kozindikiritsa chiweto koikidwa pansi pa khungu lake, ndi yolembedwa pa mapepala, jambulani chiwetocho pa foni, ndipo funsani wokupatsaniyo ngati chimaluma, chimaopa amuna, kapena chikumwa mankhwala.

Gawo lofuna tcheru kwambiri ndi poima panjira. Lamulo limalola dalaivala kuyendetsa maola 11 ndi kupuma mphindi 30 akayendetsa maola 8, koma galu amafunika kutsika pafupipafupi kuposa pamenepo, pakatha maola atatu kapena anayi aliwonse. Galu wopulumutsidwa sakudziwani, dzina lake latsopano salizindikira, ndipo phokoso la mpweya wa mabuleki a thiraki ina likhoza kumudzidzimutsa mpaka kuvula kolala ndi kuthawira kumsewu waukulu. N'chifukwa chake muyenera kumumanga zingwe ziwiri, china pakhosi china pachifuwa, musanatsegule chitseko. Mphaka asatuluke m'khola pokhapokha zitseko ndi mawindo onse atatsekedwa, ndipo kunja asatsike n'komwe. Malo ena oimapo mathiraki, monga a Love's, ali ndi mipanda yosewereramo agalu, koma mwana wagalu amene sanamalize katemera musamuponditse pansi pamenepo, chifukwa kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri.

Kutentha nakonso kumapha msanga. M'galimoto yoimikidwa padzuwa kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 11 a Celsius m'mphindi 10 zokha, ndipo kutsegula windo pang'ono sikuthandiza kwenikweni. Musasiye chiweto chokha injini ndi choziziritsa mpweya zitazimitsidwa. Mukaona galu akupuma mwawefuwefu, akutuluka dovu lambiri kapena akudzandira, muthireni madzi ozizirirako ndi kufunafuna dokotala wa ziweto wapafupi nthawi yomweyo.

Nthawi zina kampani imasintha ulendo muli pakati panjira. Zikatero imbirani wokonza maulendo mwamsanga, popeza gulu la Operation Roger lili ndi mabanja odzipereka osunga chiweto kwa masiku angapo mpaka dalaivala wina atapezeka. Musapereke chiweto kwa munthu amene gulu silinamutchule, ngakhale aoneke wachifundo chotani.

Mukafika, tsimikizani kuti wolandirayo ndi yemwe dzina lake lili pa mapepala, mupatseni chiphaso, mankhwala ndi chakudya chotsala, ndipo mufotokozereni nthawi imene chiwetocho chinadya komaliza ndi khalidwe lililonse limene mwaona panjira. Musachotse zingwe zanu mpaka galuyo atalowa m'galimoto ya mwini wake watsopano ndipo chitseko chatsekedwa. Musananyamule chiweto china, tsukani khola ndi mbale ndi sopo, kenako muzipake bulitchi wosungunula, gawo limodzi pa magawo 32 a madzi, ndi kudikira mphindi 10 musanatsukuluze ndi kuumitsa.