Momwe mungasamalire tsitsi lachilengedwe m'chisanu cha ku Angónia

Anzathu a mumzinda wa Tete akatimva ife a ku Ulongué tikudandaula za kuzizira amangoseka, poti iwo thukuta silichoka. Koma kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Furancungo, Juni ndi Julayi akafika madzi a m'ndowa amaluma zala, milomo imang'ambika, miyendo mbuu ngati wagona paphulusa. Tsitsi nalo limauma chimodzimodzi. Mukapesa mumangoona tizidutswa tafupitafupi tili waa paphewa pa juzi.

Khungu la m'mutu limatulutsa mafuta ake, koma patsitsi lopotana ngati lathuli mafutawo amavutika kutsetsereka kuchoka kutsinde kukafika kunsonga. Ndiye onjezanipo mpweya wouma wa m'chisanu, kuwotha mbaula madzulo, ndi fumbi la mphepo ya Ogasiti. Tsitsi likauma limadukira pomwe lapindika, ndipo lathuli ndi lopindika ponseponse.

Ambirife tikaona choncho timathamangira Vaseline. Apa ndi pomwe timaphonya. Mafuta sanyowetsa tsitsi, ntchito yake ndi kutsekera chinyezi chimene chilimo kale. Mphika wopanda madzi, ngakhale muuvundikire bwanji, ndiwo zimapserera basi. Madzi ayambe, mafuta abwere pambuyo.

Choyamba, sankhani nthawi. Sambani m'mutu kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, cha m'ma 10 koloko dzuwa litakwera, kuti tsitsi liume kusanade. Madzi akhale ofunda chabe. Otentha kwambiri amakoma m'chisanu, ndikudziwa, koma amakokolola mafuta onse. Sopo wochapira zovala msiyireni zovalazo. Gulani shampu, ndipo muzitsuka khungu ndi nsonga za zala, osati zikhadabo.

Musanathire madzi, gawani tsitsi magawo 4 kapena 6, gawo lililonse mulipote. Muzisamba gawo limodzilimodzi, mwakutero silipiringizana. Mukatsukuluza pakani kondishona (mankhwala ofewetsa tsitsi) wambiri, kenako masulani mfundo ndi zala. Chipeso chibwere pomalizira, chikhale cha mano otalikirana, ndipo muyambire kunsonga kutsikira kutsinde. Kupesa tsitsi louma m'mawa mwana akuthamangira kusukulu, iye misozi chuchuchu, ndiko kumatha tsitsi la ana athu kuposa chisanu chenichenicho.

Ngati mapeyala akupezekabe pamsika, phwanyani limodzi lakupsa, thiranimo supuni ya mafuta, pakani, vundikirani mutu ndi kapulasitiki mphindi 20 kapena 30. Koma musefe kaye. Ine ndinachita ulesi tsiku lina, ndipo masiku atatu athunthu mng'ono wanga anali kunditola timibulu tobiriwira m'mutu.

Popukuta musakhule ndi thaulo. Tengani malaya akale ofewa, muzingofinya. Tsitsi likadali lachinyezi, pamenepo ndiye pakani mafuta, makamaka kunsonga, chifukwa ndiko kuli tsitsi lakale kwambiri.

Mafuta ati? Agogo athu ankakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba, ndipo mpaka lero ine sindinapeze oposa amenewa m'chisanu. Ndi olemera, choncho sakanizani ndi a mpendadzuwa kapena a kokonati. A kokonati kuno amaundana kukazizira; sikuti awonongeka, ingoviikani botolo m'madzi ofunda. Njere za nsatsizo ndi poizoni, zisakhale pofikira ana. Ndipo musayembekeze zozizwitsa: tsitsi limakula pafupifupi sentimita 1 pamwezi, kaya mupake chiyani. Chimene mafuta amachita ndi kuteteza kuti chimene chakulacho chisaduke.

Kenako tsitsilo libiseni. Lukani mizere, potani awiriawiri, kapena mangani ndi ulusi monga ankachitira amayi athu. Ulusi umaliwongola popanda moto. Wolukayo muuzeni poyera kuti, "Achemwali, m'mphepetemu musakoke." Mukaona timatuza pachipumi, kapena mwana akulephera kutsamira pilo usiku, masulani tsiku lomwelo, ndalama yapitayo isakupwetekeni mtima. Kukoka kotereku kukapitirira zaka, tsitsi la m'mphepete silimeranso. Meshi isapitirire masabata 6.

Kuluka sikutanthauza kuti mwathana nalo. Pezani kabotolo kopopera, thiranimo madzi ndi madontho ochepa a gilisalini, muzipopera pakapita masiku awiri kapena atatu, n'kupakanso timafuta pang'ono pamwamba. Gilisalini yekha wopanda madzi amangomata fumbi.

Chotsala ndi chovala kumutu. Chipewa cha ubweya chimene timavala popita kudimba mbandakucha, ngakhalenso duku la kapulana, zimamwa mafuta ndi kukhula tsitsi. Simungazisiye, kuzizira kwa kuno si kwamasewera, koma pansi pake muzimanga kansalu koterera ka satini. Pa kaunjika, amene ena timati kalamidade, mipango yotere siisowa, apo ayi telala akudulireni kachidutswa ka nsalu yoterera imene amaika mkati mwa majekete. Kansalu komweko muzigona nako.

Khungu la m'mutu likamafundukuka pang'ono chifukwa chouma, zimene tanenazi zikwanira. Koma mwana akatuluka chibanga chozungulira, tsitsi litathothoka pamenepo, chimenecho si chisanu, ndi chipere, ndipo nsatsi sizichiza. Pitani naye kuchipatala, chifukwa chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, ndipo chipeso ndi chipewa chake asabwerekane ndi abale ake mpaka atachira.