Nyali ya oyilo ikamangoyaka n'kuzima

Nyali yofiira ya oyilo ikaphethira, imani ndipo zimitsani injini. Imachenjeza za mphamvu imene pampu ikukankhira oyilo, ndipo mphamvuyo ikatsika ma bearing (tizitsulo timene shafiti ya injini imazungulirapo) amadyeka m'mphindi zochepa, injini n'kunoka.

Pamalo osatsetsereka, dikirani mphindi 5, pukutani dipstick (kachitsulo koyezera oyilo), muyeze. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri, pakati pa MIN ndi MAX pamalowa pafupifupi lita imodzi. Ngati nyaliyo imayaka pokhota kona kapena pomanga buleki, kawirikawiri oyilo ndiye wachepa: amathawira mbali imodzi ya sampu (beseni la oyilo pansi pa injini), pampu n'kukoka mpweya. Nunkhizaninso oyiloyo. Fungo la petulo likusonyeza kuti wasungunuka, musintheni pamodzi ndi fyuluta.

Yovuta ndi imene imayaka injini ikatentha, mutaima pa roboti, n'kuzima mukaponda moto. Apa musangoganiza kuti ndi sensa. Inde, sensayo, switch ya oyilo imene imayatsa nyaliyo ndipo imakhala pafupi ndi fyuluta, imafa, ndipo waya wake akakhuzuka n'kugunda chitsulo nyali imayaka. Muoneni wayayo, muonenso ngati oyilo akudontha pa pulagi yake. Koma chotsimikizira ndi geji yoyezera mphamvu ya oyilo: makaniko amasule switch, amangepo geji, injini itatentha bwino. Muyeso wodziwika ndi pafupifupi 0.7 bar pa 1,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) iliyonse, ngakhale buku la galimoto yanu ndilo lolamula.

Geji ikaonetsa bwino, sinthani switch, sidula. Ikatsika, tsitsani sampu muone kasefa ka pampu, kamatsekeka ndi phala lakuda la oyilo wokhalitsa. Kakakhala koyera, ndiye kuti pampu kapena ma bearing atha, ndipo oyilo wolimba angobisa vutolo kwa masiku ochepa.